Mawu aulemu a mfumu yankhanza: chikumbutso cha malemu Chris Ayres

Pa 18 Okutobala 2021 ku America kunagwa maliro amene kuno ku Mecanhelas sitinawakhuze. Palibe anabuma, palibe anasonkha ufa kapena nkhuni, ndipo ambiri mwa ife amene tinamva, tinamva mochedwa mwambo wonse utatha. Anatisiya tsikulo ndi a Christopher Ayres, bambo wa zaka 56, amene mukatchula dzina lawo pamsika wa Insaca anthu angokuyang'anani. Komatu mawu awo alowa m'makomo ambiri. Ndi mawu amene amatuluka pakamwa pa Frieza, mfumu yankhanza ya m'katuni ya Dragon Ball, ikamalankhula Chingerezi m'makope amene anajambulidwa kuyambira 2010. Mnyamata wogwira foni yong'aluka galasi, anzake atamuunjirira pansi pa mtengo wa mango, akamatsanzira kaseke kozizira kaja amakhala akutsanzira a Ayres, ngakhale dzina lawo sanalimvepo.

Wina adzafunsa kuti maliro athu omwe atikwana kale, nanga tikumbukirenji mlendo wa zidole? Funsolo n'lomveka ndipo sindikulipeputsa. Koma ife a m'mbali mwa nyanja za Chilwa ndi Chiuta tinakula ndi makutu tisanakule ndi maso. Magetsi anatipeza mochedwa, kanema anatipeza mochedwa koposa, ndipo zambiri zimene tikudziwa za dziko zinatifika ngati mawu: a gogo pamoto, a mwini mudzi pabwalo, a wailesi yolendewera pa hendulo ya njinga. Anthu otere sangavutike kumvetsa kuti munthu angathe kugwira ntchito yaikulu osaoneka nkhope. A Ayres anali mmisiri wa mawu, ndipo mmisiri akamwalira, amene anadya za luso lake ayenera kumutchula dzina.

Kwa amene sanaonerepo, Dragon Ball ndi nkhani imene malemu Akira Toriyama anayamba kujambula ku Japan mu 1984 m'magazini ya Weekly Shōnen Jump, ndipo inatha mu 1995 itakwana mabuku 42. Kampani ya Toei Animation inaisandutsa katuni ya pakanema. Gawo lotchuka kwambiri, Dragon Ball Z, linaulutsidwa kuyambira 1989 mpaka 1996 ndipo lili ndi magawo 291. Ngwazi yake ndi Goku, mnyamata wokonda kudya ndi kumenya nkhondo, wamtima woyera mpaka kufika pooneka ngati wopusa. Adani ake ndi ambiri, ena amatembenuka mtima n'kukhala abwenzi ake, monga Piccolo ndi Vegeta. Koma Frieza satembenuka. Iye ndi amene anaphulitsa dziko la mtundu wa Goku, mtundu wa Saiyan, atautumikiritsa kwa zaka zambiri, chifukwa choopa kuti tsiku lina mudzatuluka wina womposa mphamvu.

Ntchito ya Frieza ndi imene iyenera kutiimitsa pang'ono. Iye ndi wamalonda. Amatuma asilikali ake kudziko lina kuti akaphe eni ake onse, akasese, kenako dzikolo aligulitse kwa wolemera amene akulifuna. A Toriyama anafotokoza kuti munthu ameneyu anamupanga poganizira anthu ogula ndi kugulitsa malo amene anavuta ku Japan kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pamene mitengo ya malo inakwera mopenga ndipo ena ankathamangitsa anthu m'nyumba zawo kuti apeze phindu. Kwa iwo anthu amenewo anali oipitsitsa. Ndiye mwana wa kuno akamaonera Frieza atakhala m'kampando kake koyandama, akulamula mofatsa kuti mudzi wa anthu a ku Namek uphedwe, akuonera chinthu chimene makolo ake anachidziwa kale, ngakhale iye akuchiona ngati nthabwala.

Chigawo chathu cha Niassa pamodzi ndi Cabo Delgado chinaperekedwa m'manja mwa kampani, Companhia do Niassa, kuyambira m'zaka za m'ma 1890 mpaka 1929. Boma la Apwitikizi linabwereketsa dziko lonselo ndi anthu ake omwe, ngati munda wokhala ndi mbewu kale. Eni masheya ankakhala ku Ulaya, ambiri sanapondepo phazi kuno, koma msonkho wa nyumba unkatoleredwa, ndipo wolephera ankagwidwa chibalo. Miyandamiyanda ya Alomwe inawoloka kupita ku Nyasaland kuthawa nkhanza za ulamuliro wa Apwitikizi, n'kukagwa m'thangata la m'minda ya azungu ku Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu. Amene ankasaina mapepala a zonsezi sanali anthu okuwa. Anali anthu ovala bwino, odziwa kupereka moni, odziwa kugwira foloko. Ngakhale m'masiku athu ano, alimi a m'mbali mwa njanji ya Nacala atamva za ndondomeko ya ProSavana, imene maboma a Mozambique, Brazil ndi Japan anagwirizana mu 2009, mantha awo anali omwewo akale, oti munda ungachoke m'manja mwawo pamsonkhano wa mawu okoma. Bungwe la alimi la UNAC linatsutsa kwa zaka zambiri, ndipo ndondomekoyo inathetsedwa mu 2020. Sindikufanizira munthu aliyense wa masiku ano ndi chilombo cha m'katuni. Ndikungonena kuti ife timadziwa bwino kuti choopsa sichibwera chikukuwa nthawi zonse.

Apa ndi pamene pagona luso la a Ayres. M'Chijapanizi, amene amalankhulira Frieza ndi a Ryūsei Nakao, ndipo amamulankhulitsa mwaulemu wodabwitsa. Antchito ake amawaitana monga mmene ife tinganenere kuti a Zarbon, a Dodoria, ndipo ngakhale munthu amene akufuna kumupha amamulankhula ngati mlendo wolemekezeka. Katuniyi itayamba kumasuliridwa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1990, ulemu umenewo unatayika panjira. Amayi awiri, a Pauline Newstone ku Canada kenako a Linda Young ku Texas, anamupatsa mawu okakala, osasa, ngati a mfiti yokalamba. Ana ambiri a ku America anakula ndi mawu amenewo ndipo amawakonda mpaka lero, ndipo amayiwo anagwira ntchito imene anapatsidwa mokhulupirika. Koma Frieza wawo anali chilombo chimene ukachimva patali umathawa. Frieza wa a Toriyama ndi munthu amene ukamumva umamukonzera mpando.

Mu 2009 a Toei anakonzanso Dragon Ball Z, n'kudula magawo ongotalikitsa nkhani, n'kuitcha Dragon Ball Kai. Kampani ya Funimation ya ku Texas itayamba kuimasulira m'Chingerezi mu 2010, inafuna kutsata Chijapanizi mosamala kuposa kale. A Sean Schemmel anapitiriza kukhala Goku, a Christopher Sabat anapitiriza kukhala Vegeta ndi Piccolo, koma mpando wa Frieza unaperekedwa kwa a Chris Ayres. Sizinali zophweka kulowa m'malo mwa mawu amene anthu anawazolowera kwa zaka khumi, ndipo oonera ena anadandaula asanamve n'komwe. Atamva, ambiri anatonthola.

Mawu amene a Ayres anabweretsa ndi opyapyala, okwera pang'ono, osalala ngati a munthu amene sanagwirepo khasu. Amatchula liwu lililonse momveka, osathamanga, ngati akulawa chakudya chimene wachikonda. Akamanyoza, amanyoza ndi Chingerezi cha m'mabuku, chodzaza ndi mawu aatali amene ngakhale amene tinaphunzira Chingerezi timayamba tafunsa tanthauzo lake. Akamaopseza, mawuwo amatsika m'malo mokwera. Mwana wa kuno amene sukulu yake ndi ya Chipwitikizi, amene Chingerezi amangotolako pang'ono kwa amalonda a ku Nayuchi, samva zonse zimene zikunenedwa, koma amadziwa kuti uyu akulankhula mokoma chonchi ali ndi mpeni kumbuyo. Khutu limamva zimene mutu sunamasulire, ndipo zimenezo sizichitika mwangozi. Wolankhulayo anazikonza dala.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi mmene ulemuwo umasweka. Frieza ndi waulemu pokhapokha pamene akudziwa kuti palibe womposa. Pa dziko la Namek, atapha Dende, mwana wa kumeneko, atazunza Vegeta mpaka kumuliza misozi, atapha Krillin pamaso pa mnzake Goku, Gokuyo amasintha, tsitsi lake n'kusanduka lagolide. Kuyambira pamenepo mawu a a Ayres amayamba kung'aluka. Kaseke kaja kamafupika. Ziganizo zazitali zija zimaduka pakati. Kumapeto, atadulidwa pakati ndi chida chake chomwe, mfumu ija imagona pansi n'kumapempha chifundo ndi mawu a mwana wosiyidwa, Goku n'kumugawira mphamvu pang'ono kuti apulumuke, iye n'kugwiritsa ntchito mphamvu yomweyo kumuwombera kumbuyo. M'mphindi zochepazo a Ayres amadutsa m'kunyada, mantha, kuchonderera ndi chidani, osataya munthu mmodzi yemwe uja. Umamva kuti wochondererayo ndi yemwe ankanyoza uja, ndipo kuti ulemu wake wonse unali chovala chabe.

Anthu ambiri amaganiza kuti kulankhulira katuni ndi kusewera. Mmene ntchitoyi imagwiridwira ndi motere. Wolankhula amalowa yekha m'kachipinda kotsekedwa bwino kuti phokoso lisalowe. Patsogolo pake pali maikolofoni ndi kanema, m'makutu wavala zomvetsera. Chithunzi chinajambulidwa kale, ndipo pakamwa pa chidolecho panatsegulidwa ndi kutsekedwa motsata Chijapanizi. Iye ayenera kulowetsa chiganizo cha Chingerezi m'kanthawi komweko, chiyambe pamene pakamwa patseguka, chithe pamene patsekeka. Amamva kulira katatu m'makutu, ndipo pamene pakadalira kachinayi ndi pamene ayenera kuyamba. Nthawi zambiri mnzake amene akukangana naye m'nkhaniyo palibe, anajambula dzulo kapena adzajambula mawa. Ndiye ukali, mantha ndi kuseka konse ayenera kuzitulutsa yekha, akuyang'ana khoma, chiganizo chimodzi chimodzi, kubwereza mpaka wotsogolera atakhutira. Pa Dragon Ball pali chinanso: kukuwa. Nkhondo zake zimafuna kufuula kwautali, ndipo olankhula ambiri amatuluka mmero utauma. Ndi ntchito ya mpweya, ya chifuwa, ya mapapo.

A Ayres sanaigwere ntchitoyi mwangozi. Anabadwira ku Richmond, m'chigawo cha Virginia, pa 16 Meyi 1965, ndipo anayamba kuchita zisudzo ali mwana wamng'ono. Zaka zambiri anazithera pa siteji, akusewera, akutsogolera anzawo, komanso akuphunzitsa mmene ochita zisudzo angamenyerane pamaso pa anthu popanda wovulala. Luso lomalizali linawatsata mpaka kumisonkhano ya okonda makatuni, kumene ankaphunzitsa achinyamata kumenya nkhondo yongoyerekeza mosamala. Ku makatuni a ku Japan analowera ku Houston, ku kampani ya ADV Films, kumene mng'ono wawo a Greg Ayres ankagwiranso ntchito yomweyi. Analankhulira Kei Kurono mu Gantz, kalonga Soma mu Black Butler, ndi mkulu wankhondo Shingen Takeda mu Sengoku Basara, ndipo anatsogoleranso kujambula mawu a makatuni ena ambiri. Amene amva Takeda, wa mawu aakulu ogunda ngati ng'oma, savomera msanga kuti ndi mmero womwewo umene unatulutsa Frieza.

Siteji ndi imene inawaphunzitsa chinthu chimene agogo athu ankachidziwa osapita kusukulu. Gogo wodziwa nthano akafika pa fisi amene wadzibisa kuti akwatire mwana wa mfumu, samulankhulitsa mokalipa. Amamupatsa mawu ofewa, a mkamwini wabwino, ndipo ana onse pamoto amanjenjemera chifukwa akudziwa chimene mwana wa mfumuyo sakudziwa. Mdani wa m'nthano akakhala wopanda mphamvu m'mawu, ngwazi nayo imachepa. Tsitsi lagolide la Goku limatisangalatsa chifukwa tinali titakhuta kale chipongwe cha Frieza.

Mu 2015 munatuluka filimu ya Resurrection 'F', imene Frieza amaukitsidwa ndi otsalira a gulu lake, n'kuchita masewera olimbitsa thupi kwa miyezi inayi, koyamba m'moyo wake, n'kubwera ndi thupi lagolide kudzabwezera. Pamenepo a Ayres anaonetsa mbali ina. Frieza ameneyu wakhala zaka ku gehena, kumene chilango chake chinali kulendewera pamtengo pakati pa maluwa, tizidole tikumuimbira nyimbo zachisangalalo. Akamakamba za mazunzo amenewo, omvera amaseka, koma iye sakuseka. Kuseketsa anthu uku iwe mwini uli wokwiya zenizeni ndi luso limene ochita zisudzo ochepa ali nalo. Ndipo filimu yomweyo, pamene wagonja, amaphulitsa dziko lonse lapansi ndi dzanja limodzi, kuti tikumbukire kuti amene timamuseka uja sanasinthe.

Mu Novembala 2017 kunamveka kuti a Ayres awapeza ndi matenda otsekeka njira za mpweya m'mapapo, amene madokotala amawatchula kuti COPD, ndipo anali atafika pa msinkhu womaliza. Madokotala ananena kuti kuti akhale ndi moyo pafunika kuwaika mapapo ena, onse awiri. Okonda ntchito yawo anasonkha ndalama zothandizira kuchipatala. Taganizani za munthu amene chuma chake chonse chili mu mpweya, akuuzidwa kuti mpweyawo ukutha. Mlimi akathyoka mkono amadziwa ululu umenewo, msodzi wa pa Chilwa nyanja ikaphwa, monga inachitira mu 1995, amaudziwanso. Panthawiyo Dragon Ball Super, katuni yopitiriza nkhaniyi, inali ikumasuliridwa, ndipo Frieza anali ndi mbali yaikulu mu mpikisano wa maiko, mmene amalowa gulu la Goku ngati munthu wachikhumi. Mnyamata wina waluso, Daman Mills, anayamba kuthandiza pamene a Ayres sakanatha, akutsanzira mawu awo mosamala kwambiri moti oonera ambiri sankazindikira pamene wina wasiyira ndi pamene wina wayambira.

Koma filimu ya Dragon Ball Super: Broly, imene inatuluka ku Japan mu Disembala 2018 ndi m'Chingerezi mu Januwale 2019, anailankhulira okha a Ayres, matenda ali m'thupi. Kwa ine imeneyi ndi ntchito yawo yokoma koposa. Muli malo amene Frieza akuulula chimene akufunira mipira isanu ndi iwiri yopereka zokhumba: akufuna kutalika ndi masentimita 5 okha, osapitirira, kuti anthu aziganiza kuti wakula mwachilengedwe. A Ayres amanena zimenezi mwaulemerero wonse, ngati nkhani ya boma. Patsogolo pake, pofuna kuti Broly apse mtima n'kutulutsa mphamvu zake zonse, Frieza amapha Paragus, bambo ake a Broly, kenako n'kufuula ndi mawu achisoni chabodza kuti mwanawe taona, bambo ako aphedwa mwangozi. Chisoni chabodzacho chiyenera kumveka chabodza kwa ife oonera, koma chokwanira kupusitsa mwana wosweka mtima. Munthu amene ankavutika kupuma anachita zimenezo bwinobwino, ndipo womvera amene sakudziwa za matendawo sangaganize kanthu.

Matenda amene anawatenga si achilendo kwa ife, ngakhale dzina lake silitchulidwa kawirikawiri. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena kuti mu 2019 COPD inapha anthu 3.23 miliyoni, ndipo inali yachitatu pa matenda opha anthu ambiri. Pafupifupi anthu 9 mwa 10 alionse amene amafa nayo asanakwane zaka 70 ndi a m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene. Kumaiko olemera chimene chimayambitsa kwambiri ndi kusuta fodya. Kwathu kuno palinso utsi wa nkhuni ndi makala m'khitchini yopanda zenera, fumbi la kuntchito, ndi zipsera zimene chifuwa chachikulu chimasiya m'mapapo. Ife timalima fodya, timawamba matemba ndi milamba pa utsi, ndipo amayi athu amakhala pa mafuwa kuyambira ali atsikana mpaka imvi. Mayi wachikulire akamapuma movutikira pokwera kachitunda kochokera kudambo, akamatsokomola chaka chonse, timati ndi ukalamba kapena mphumu. Mwina ndi matenda omwewa. Sachizika, koma munthu akapita kuchipatala msanga, akasiya fodya, akachepetsa utsi, masiku ake amachuluka ndipo amapuma bwinoko. Ngati kukumbukira a Ayres kungachititse mwana mmodzi kuboola zenera m'khitchini ya amayi ake, kapena kuwaperekeza kukayezetsa, ndiye kuti katuni ija yatipindulira zoposa kuseka.

Anzawo a ntchito atamva za imfa yawo, imene inalengezedwa ndi bwenzi lawo a Krystal LaPorte, amenenso ndi wolankhulira makatuni, onse anakamba chinthu chimodzi: kuti munthu amene ankalankhulira chigawenga choipitsitsa anali wofatsa, wokonda anthu, wokonda kuseka, wosatopa kucheza ndi achinyamata obwera kudzamuona. Zimenezi sizindidabwitsa. Kuti uonetse nkhanza momveka bwino chonchija uyenera kukhala unaiyang'anitsitsa, unaimvetsa, ndipo unaikana. Wankhanza weniweni sadziwa mmene amamvekera. Kuno timalakwitsa nthawi zina, kumuda munthu pamsika chifukwa m'sewero la pa wailesi anali wolanda chuma cha amasiye, osaganiza kuti iyeyo ndi amene watithandiza kuona wolanda chuma weniweni amene takhala naye pa mkeka umodzi.

Chaka chomwecho cha 2021, mu Ogasiti, tinataya a Eric Mabedi, a Jakobo a m'zisudzo za ku Malawi, amene mnzawo a John Nyanga, a Izeki, anali atatsogola kale mu 2016. Awiriwa mawu awo sanafune pasipoti kuti awoloke malire. Makaseti awo ndi wailesi ya MBC zinkafika kuno monga zimafikira ku Machinga kapena ku Phalombe, pakuti Chichewa cha tsidya lino ndi cha tsidya ilo ndi chimodzi, ndipo mabanja ambiri ali ndi abale mbali zonse, makamaka kuyambira nthawi ya nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, pamene anthu athu pafupifupi miliyoni imodzi anali atathawira ku Malawi. Amene anakula akumvera Sewero la Sabata Ino, Pamajiga kapena Kapalepale amadziwa kuti munthu ungamuone bwinobwino ndi khutu lokha, msinkhu wake, mayendedwe ake, ngakhale chipewa chimene wavala. A Mabedi ndi a Nyanga tinali ndi mwayi wowadziwa maina. Ambiri a m'masewero a pa wailesi tinangowadziwa ndi maina a m'seweromo, ndipo atamwalira sitinadziwe kuti tataya ndani.

Lero palinso gulu lina la amisiri a mawu limene silipatsidwa ulemu woyenera. Ndi anyamata a m'matauni a Malawi amene amatenga filimu ya Chimwenye, ya Chitchaina kapena ya Chingerezi, n'kuikamo mawu a Chichewa. Mafilimu amenewa amayenda ndi njinga ndi sitima, amadutsa pa Entre Lagos ali m'makhadi a foni, n'kukathera m'nyumba zoonetsera kanema za udzu zoyendera jenereta kapena sola. Mnyamata mmodzi amalankhulira ngwazi, mdani, mkazi, nkhalamba ndi mwana, ali ndi kompyuta yakale ndi maikolofoni yotchipa. Ena amangoseketsa, kuika nthabwala pamene mwini filimu anaika misozi, ndipo zimenezo ine sizindisangalatsa. Koma alipo ena amene amamva nkhani, amene amadziwa kuti mdani uyu ayenera kulankhula pang'onopang'ono, ndipo holo yonse imakhala chete. Amenewo ndi abale a a Ayres pa ntchito, ngakhale sadzalandira mphotho kapena kuitanidwa ku msonkhano uliwonse. Ndikadakonda akadamvetsera Frieza wa mu Kai, osati kuti amutsanzire, koma kuti aone kuti Chichewa chathu chili ndi zida zonse zochitira zomwezo. Tili ndi ulemu wa kuchulukitsa, tili ndi mawu a pabwalo la milandu, tili ndi kalankhulidwe ka munthu amene akukulanda munda akukutchula kuti achimwene. Frieza wa Chichewa, wolankhulidwa ndi munthu womvetsa, angaopedwe ndi akulu omwe.

Popeza kuno makope amafika osakanikirana, ndi bwino kudziwa chimene muli nacho pafoni. Ngati Frieza akulankhula Chipwitikizi cha ku Brazil, amenewo ndi a Carlos Campanile, amenenso ndi katswiri wolemekezeka kwawo. Ngati akulankhula Chingerezi ndi mawu osasa achikazi, ndi Dragon Ball Z yakale, ya a Linda Young kapena a Pauline Newstone. A Ayres muwapeza mu Dragon Ball Z Kai, mu Resurrection 'F', m'magawo ena a Dragon Ball Super, ndi mu Broly. Wofuna kuwakumbukira ayambe ndi magawo a ku Namek mu Kai, makamaka kuyambira pamene Frieza akukambirana ndi Nail, wankhondo wa ku Namek, mpaka pamene dzikolo likuphulika, ndipo ayese kutseka maso kwa kanthawi. Filimu ikatha, asathamangire kuzimitsa pamene maina akukwera. Ana awerenge mainawo mokweza, adziwe kuti kuseri kwa chidole chilichonse kunali munthu amene anadzuka m'mawa, n'kupita kuntchito, mwina akudwala.

A Toriyama nawo anamwalira pa 1 Malichi 2024 ali ndi zaka 68. Asanamwalire, mu Ogasiti 2022, m'buku la Dragon Ball Super limene ankalemba mothandizana ndi wojambula Toyotarou munatuluka Frieza wina watsopano, wakuda, amene anakhala zaka khumi akudzikonzekeretsa m'chipinda chimene nthawi imayenda mosiyana ndi kunja, n'kugwetsa Goku ndi Vegeta onse awiri mosavuta, kenako n'kuwasiya amoyo. Panthawiyo n'kuti a Ayres atagona m'manda miyezi khumi, ndipo Frieza ameneyo sadzamulankhulira. Mpando wawo m'Chingerezi tsopano uli ndi a Daman Mills, amene anaphunzira mawuwo pomvetsera mwini wake ali moyo, ndipo m'masewera a pakompyuta amene atuluka kuchokera nthawiyo amamulankhulitsabe Frieza mofatsa, mwaulemu, liwu lililonse lomveka.